Chotupa cha M'bere

Milonde, Mulanje

Okondedwa achemwali anga a Marcia,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mocuba pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo ndithu. Nandolo wachita bwino chaka chino, ndipo Yunesi wanga walowa sitandade faifi.

Kachotupa ka m'bere ndinakuuzani pa maliro a amalume kaja sikanathe. Ku chipatala cha Mishoni ananditumiza ku Blantyre, kumene anatengako kanyama n'kukapima. Akuti ndi khansa. Dokotala wake, mayi wofatsa, anandiuza njira ziwiri. Akhoza kuchotsa chotupa chokha, koma pambuyo pake ndikhale masabata angapo kutali ndi kwathu akundiwotcha ndi makina. Apo ayi, achotse bere lonse. Anati, "Mayi, sankhani msanga, chinthuchi sichidikira."

Nditafotokoza kunyumba, amuna anga a Dario anangoti, "Mkazi wanga sadulidwa." Chiyambire tsikulo sanaitchulenso nkhaniyi. Apongozi akumabwera ndi mizu ya kwa asing'anga, ndipo ndimamwa kuti asakhumudwe. Ndikapita ku Blantyre, ana ndiwasiyira ndani? Ndikangokhala, inu mukudziwa mmene amayi athu anathera, atamanga nsalu pachifuwa, osauza munthu.

A Dario amakumverani inu. Mutabwera mvula isanayambe, mwina mungalankhule nawo. Ndikufunanso mudzawaone anawa, akuzolowereni. Simeoni, wamng'onoyu, sagona popanda munthu womugwira dzanja. Ndi bwino mudziwiretu.

Mupereke moni kwa onse kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Nilza