Sindinadye Pamanda a Asilikali

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Leicester, ku Mangalande, tilipo, koma bondo lija likuvutabe.

Loweruka mwana wathu Tadala ananditenga pa ulendo wa basi wokaona malo a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Wotitsogolera anationetsa bwalo lakale la ndege, kenako manda a anyamata amene ankaziyendetsa. Atamaliza anati tikhale pamabenchi pomwepo tidye masangweji. Ine ndinakana. Kudyera pamanda, ndine fisi ine?

Tadala anandinong'oneza m'Chingerezi kuti ndikumuchititsa manyazi. Ndinamuyankha m'Chichewa, mokweza: "Awa ndi ana a eni, anafera kutali ndi amayi awo. Sindingatafunire pamitu pawo."

Masana tinapita kumene mtsinje umathira m'nyanja, kodzaza bango ndi akakowa ngati kwathu ku Nsanje. Anzathu akujambula mbalame, ine ndinatsetserekera m'matope n'kusamba m'manja ndi kumaso, monga timachitira pochokera kumanda. Wotitsogolera anakuwa kuti n'zoletsedwa. Ndinamaliza kaye kusamba.

Mpaka lero Tadala sakundilankhula. Akakuimbirani musapepese m'malo mwanga. Mungomuuza kuti tsiku lodzandiika ine, adzakadyere kunyumba.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Esinati