Ndodo Imene Munathyola

Kampala, 14 Malichi

Achimwene a Olweny,

Muli bwanji kumudziko? Nanga mwana wanu Ocira, kugwedeza mutu kuja kwachepako? Ine ndili bwino, ntchito ya unamwino ikuyenda. Mtima wokha ndi umene ukuwawa, ndipo wouwawitsa ndinu.

Mantha anu ndikuwadziwa. Mwaona Ocira akusiya sukulu, mutu ukugwa chakudya chikangofika pamaso pake, ndiye chilichonse chobwera ndi alendo mumachiyesa imfa. Koma alamu andiuza pa foni kuti atafika wogawa mankhwala a nyongolotsi, munamulanda ndodo yoyezera msinkhu n'kuithyola. Akuti munamufunsa kuti ukalipentala anayamba liti, poti woyeza munthu wamoyo ndi ndodo amakhala akukonza bokosi. Anthu anaseka, inu n'kudzimva ngwazi. Ana asanu pakhomopo sanamwe mankhwala, ndipo mmodzi mwa iwo ndi Anek wanga, amene ndinakusungitsani.

Ndodoyo ndi yodziwira kuchuluka kwa mapiritsi basi, chifukwa sikelo kulibe. Wamtali amamwa ochulukirapo. Ngakhale Anek akanakuuzani mukanafunsa, koma inu kufunsa mumakuyesa manyazi.

Mvetserani tsono. Tintchentche takuda ta kumtsinje wa Aswa tikaluma munthu timasiya nyongolotsi pansi pa khungu. Asilikali a m'thupi amadzuka kukazithira nkhondo. Madokotala ena akuganiza kuti mu ubongo muli kanthu kofanana ndi nyongolotsizo, ndiye asilikali aja amasokonezeka n'kuyamba kumenya kwawo komwe, ngati galu amene waluma mwana wa pakhomo chifukwa wavala malaya onga a mbala. Sanatsimikize, ndipo sindikunamizani kuti atero. Chimene aona n'chakuti kumene anthu amamwa mankhwalawa mosadumpha, ana oyamba kudwala matenda ogwedeza mutuwa amachepa.

Mapiritsiwa sachiritsa Ocira. Iye apitirize aja a khunyu amene amamwa kale. Ndipo lekani kumupatsa mbale yakeyake kuseri kwa nkhokwe ngati mbuzi. Matendawa sayenda ndi malovu. Alamu akuti mwanayo amalira akamva anzake akuseka pa mkeka.

Ndamupepesa wogawa uja m'malo mwanu. Anayamba wakana, akuti msana wake ungatsatire ndodo, koma wavomera kubweranso Lachisanu. Anek akapanda kumwa tsikulo ndibwera kudzamutenga, azigona pansi m'kachipinda kanga kuno, ndipo sadzatunganso madzi pakhomo panu.

Sindikufuna zifike pamenepo, achimwene. Munandibereka kumsana pothawa nkhondo, sindinaiwale. Chonde yambani ndinu kumeza ana akuona. Khungu likhoza kuyabwa masiku angapo, mudzandiimbire n'kunditukwana mmene mungafunire, ndidzamvetsera.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Ocira mumuuze kuti chiponde cha chitowe chimene amakonda chikubwera pa basi ya Loweruka, adye limodzi ndi anzake.

Ine mlongo wanu,
Lanyero