Mpata wa Dzina

Lolemba, 4 Febuluwale 2008

Anayamba kundiuza ndi Flora, mwana wanga, atangofika kuchokera kuchipatala, yunifomu asanavule. Akuti bambo, Joan wabwereranso.

Joan yemwe uja. Mwana wa kwathu komwe, mayi ake a ku Ntcheu. Uja anadula tsitsi la mdzukulu wanga Upile ndi sizasi m'basi ya sukulu, n'kumamunena kuti akununkha usipa. Chaka chonse Upile kusanza m'mawa uliwonse. Joan atasamukira ku Indianapolis tinati zatha. Ayi ndithu. Pano naye ali ndi bandi. Loweruka mpikisano wa magitala kumeneko, Upile ndi anzake mbali iyi, Joan mbali iyo.

Zonsezi ndi makatuni a ku Japan aja. Atsikana amaso ngati mbale, tsitsi lobiriwira, kumenyana ndi magitala. Upile naye wapaka tsitsi. Akuti iye ndi wabwino wa m'nkhanimo, Joan ndiye woipa. Ine ndati mwa makatuni akafa amadzukanso.

Sinowo, chipale chogwa kumwamba chija, lero mpaka m'mawondo. Ndachotsa ndi fosholo pakhomo.

Lachitatu, 6

Nyimbo yomwe akupulakitisa kuchipinda chapansi ndaimva bwino lero.

Ndi yanga. Ya kumanda.

Zaka zonse zija ndikukumba manda kwathu, ife adzukulu tinali nayo nyimbo yathu. Sinali ya anthu onse. Tsegula nthaka, tsegula, uje wafika, mlendo wako. Pa uje paja mumatchula mwini dzenje. Popanda maliro simutchula munthu, mumasiya mpata, mumangopuma, kenako n'kupitiriza. Anandiphunzitsa malemu Lameck, ine ndili mnyamata, ndipo anandigwira khutu pondiuza.

Kuno ndikagwira fosholo pa sinowo, msana umakumbuka wokha, pakamwa n'kutsatira. Mwana anamvera pawindo. Khutu ali nalo, wanditengera. Mawu onse waika, ndi mpata womwe. Pamenepo magitala amaima zii, ng'oma imodzi, n'kuyambanso. Bola pamenepo.

Ndamuuza kuti musiye. Wayankha m'Chingerezi, kuseka, kundipsompsona padazi.

Lachisanu, 8

Kunali chete dzulo lonse. Upile osadya.

Lero Flora wandionetsa pa kompyuta. Nyimbo ija Upile anaiika pamenepo kuti anzake amve. Joan anaitenga. Wavala zakuda, milomo yakuda, gitala ili m'ntchafu. Akuimba Chichewa chopotoka koma chomveka.

Mpata uja wadzaza.

Upile wafika, mlendo wako.

Ndati bwezanso. Zomwezo. Joan akuyesa ndi chipongwe, kuti nthaka immeze mnzake ndi manyazi. Sakudziwa chomwe waitana. Upile akulira chifukwa amubera nyimbo. Ine nyimbo ndilibe nayo ntchito.

Flora akuti bambo, ndife Akhristu, komanso kuno ndi ku Amerika. Ndati kodi kuno kulibe nthaka? Flora matayala a galimoto anakaonetsa kwa makaniko masana omwewo.

Lameck ankati ya pamphepo siwerengedwa. Imawerengedwa ikaimbidwa pagulu, anthu n'kuvomera. Kwathu kunali mnyamata anatchula mnzake moseka pamowa, gulu n'kuvomera. Sabata isanathe tinakumba. Dothi lake linali lofewa ngati anatiyambira kale.

Mawa ndipita nawo. Akuti phokoso likandipha. Ndati likandipeza komweko.

Loweruka, 9

Msewu woterera kuchokera kuno ku South Bend mpaka kufika. Magalimoto ena ali m'ngalande. Upile kumbuyo, gitala pamiyendo. Ine khosi lapweteka ndi kucheuka.

Holo yake pafupi ndi msewu wa Lafayette, kuseri kwa sitolo ya nyama ya mbuzi. Ana okhaokha, thukuta, magetsi ofiira masana.

Joan ndinamupeza pakhonde. Wamng'ono kuposa pa kompyuta. Anandipatsa moni ndi manja awiri, mwaswera bwanji agogo. Ndinadabwa. Ndinamufotokozera zonse, manda, mpata, Lameck. Anamva, maso anaonetsa. Koma anzake anali pompo akuyang'ana. Anatukula phewa, akuti sore agogo, ndi nyimbo chabe.

Upile anayamba. Anaimba ina, yachingerezi, mawu osatuluka bwino. M'manja mochepa.

Kenako Joan. Tsegula nthaka, tsegula. Ana onse kuvomera, azungu, akuda, osadziwa n'chimodzi chomwe. Pansi pa holo kugwedezeka. Ine ndinali nditasendera kale kutsogolo, pafupi ndi ng'oma.

Magitala anaima. Joan anakoka mpweya.

Mawu anga anazolowera kufika kutsidya kwa manda mphepo ikuomba. Ndinawatulutsa onse, ndi dzina langa lomwe.

Alufeyo wafika.

Joan pakamwa pululu. Ana kukondwa, ayesa ndi mmene inakonzedwera. Kubwereza kwachiwiri holo yonse, Alufeyo, Alufeyo. Kachitatu Joan anandiyang'ana, n'kutchula yekha dzina langa pamaikolofoni. Kaya anandimvera chisoni, kaya anangotsata gulu. Gulu lavomera, basi.

Wawina ndi Joan. Pobwerera Upile osandilankhula, akuti ndamuchititsa manyazi, ndathandiza mdani. Flora maso pamsewu. Pena anachotsa dzanja pachiwongolero n'kundigwira bondo. Tafika bwino. Mwana watsika ndi miyendo yake, wamenyetsa chitseko. Phokoso lokoma.

Lamulungu, 10

Ndadzuka mochedwa. Mkono wamanzere wolemera kuyambira paphewa. Sindinauze Flora, angayambe zoimba mafoni.

Sinowo wagwanso. Ndikufuna fosholo, kulibe pamalo pake. Kuyang'ana pawindo, Upile ali nayo. Sanagwirepo n'kale lonse. Mkwiyo watha, akukumba bwino, msana wapinda ngati mmene ndimachitira ine, akuponya kumanja. Wayambira pansi pa windo langa.

Akuimba. Pa mpata paja sakupumanso, akutchula langa.

Ndimusiye amalize. Ndavala malaya anga oyera, batani lomaliza lokha likundika