Wolter Wasowa Omunyamula

Lachinayi, 3 Julayi 1958

Dzuwa loswa mtengo. Udzu wa ng'ombe wa mudzi wonse uli pansi, ukuuma. Dambo langa ndamweta ndekha, ntchito ya amuna khumi, chikwakwa mpaka kufuka utsi. Mkazi wanga Fenna akanakhalapo akanati, "Bodza lako, Mans, limamera msanga kuposa udzuwo." Palibe wonena. Ndadya buledi choimirira.

Wolter wamwalira. Neba wa kutsidya kwa ngalande. Anagwa m'khola akukama.

Anadzandiuza ndi mlongo wake, a Dina. Anagogoda khomo la kumaso, mpaka ndinayesa wogulitsa singano. Neba sagogoda, amangolowera kukhola n'kutulukira kukhitchini. Koma iwo anaima pakhomo la alendo, manja m'epuloni. "Pepanitu a Mans, ndikudziwa sindiyenera kuponda pano. Ndangoti mumve kwa ine, musamve kwa agalu."

Ndinati zikomo. Zikomo! Ngati andibweretsera mazira.

Sindikumva kanthu mumtima.

Lachisanu, 4 Julayi

Aneba tonse kwa Gradus, mkulu wathu wa mpingo. Anatiyalira mwambo wa chinansi ngati ndife obwera. Akuti pamaliro abale sagwira kanthu. Kusambitsa, kuliza belu, kulengeza, kunyamula bokosi, zonse ndi za aneba, ndipo wotsogolera ndi wa nyumba yoyandikana. Ndiye kuti ine. Kenako anakweza chala. "Koma zimenezo ndi za amene ali m'chinansi. Uyu anadula yekha chingwe. Adzinyamule yekha."

Sakunama. Chaka chatha, titakangana za ngalande ija, Wolter anavala jekete la kutchalitchi n'kuyenda khomo ndi khomo: "Kuyambira lero sindine neba wanu." Mu Febuluwale tikukaika Fenna m'manda, ngodya ya bokosi imene inali ya Wolter anagwira wina. Iye anali m'munda kumwaza manyowa. Chipewa osavula n'komwe.

Neba wina, Tonnis, anati, "Angodzuka ayende, manda si patali." Ine n'kuwonjezera kuti munthu wouma mtima chonchija salemera, a Dina angomupinda n'kumuika m'thumba. Anaseka mpaka Egbert, wa mwendo wolumala, kutsamwa ndi khofi. Pa nthabwala palibe wondiposa m'chigawo chathu chonse cha Twente. Ndimamva pakamwa panga pakuseka, m'kati zii.

Chenicheni palibe anachitchula. Wailesi yati mvula ikubwera pakati pa sabata yamawa. Maliro ndi Lachiwiri. Tsiku lathunthu lotayika, udzu uli pansi.

Aneba akakana, a Dina aitanitse aganyu a ku tauni, a magolovesi oyera aja. Amanyamula anthu opanda kwawo, otoledwa m'misewu. Ndipo kuti awalipire, mwana wa ng'ombe wawo agulitsidwe.

Loweruka, 5 Julayi

Udzu. Kutembenuza, kutembenuza.

Belu silinalire.

Ndawaona a Dina akutunga madzi, ndowa pambuyo pa ndowa, zenera la chipinda chitsekere. Amusambitsa okha mlongo wawo. Chibadwire sindinamvepo zotero m'mudzi muno.

Nsapato yanga yamtengo yang'ambika kuchala.

Lamulungu, 6 Julayi

Abusa athu atsopanowa ndi afupi ngati chitsa, pa guwa timangoona tsitsi. Koma lero analankhula. Akuti Mulungu anakonda dziko lonse. Osati mpingo uno, osati anthu a makhalidwe, dziko lonse ndi zonyansa zake. Sanadikire kuti liyambe lakhala bwino. Anapereka Mwana wake, mmodzi yekhayo, kwa anthu amene anali atamutsekera khomo. Akuti, "Chinansi ndi Mulungu tinadula ndife, abale anga. Iye ndiye anabwera kudzatinyamula."

Mitu yonse kugwedezeka. Gradus kugwedeza kwambiri, switi ili m'tsaya. Nyimbo tinaimba mpaka mawindo kunjenjemera, theka la phokosolo linali langa.

Kutuluka panja, aliyense maso kumwamba. Wodutsa akanati anthu opemphera bwanji awa. Timayang'ana mitambo.

Gradus anawagwira dzanja abusa. "Mawu okoma abusa, okoma zedi. Koma zakunozi mudzazizolowera."

Dziko lonse. Ndiye kuti ndi Wolter yemwe. Sindikukondwa nazo. Ine ndikanakhala Mulungu ndikanakonda theka, ndipo thekalo ndikanasankha mofatsa.

Nanga Mulunguyo Fenna anamukonda motani mu Febuluwale muja? Funso limeneli ndalisiya pa tebulo. Palibe waligwira.

Lolemba, 7 Julayi

Sindikudziwa chinachitika n'chiyani. Ndinatsegula kabati kufuna malaya, n'kutulukamo ndi chipewa chakuda chachitali, cholengezera maliro. Sindinamve chisoni. Sindinamve chikondi, olo kadontho. Miyendo inangopita.

A Dina ndinawapeza kukhitchini atakhala, khofi atazizira. Ataona chipewacho anagwira pakamwa. "A Mans, anthu akudani." Ndinati mayi, munthu wokongola ngati ine anthu anayamba kale kumuda.

Wolter ndamuona. Wachepa. Nkhope ngati akufuna kutsutsa kanthu.

Aliyense amadziwa kuti wa chipewa akakuuza mawu a maliro pamaso, wamangika, kukana ndi manyazi ofika kwa zidzukulu. Ndiye mudzi wonse unandithawa. Ine Mans, amene paukwati amandilimbirana! Nyumba iyi chitseko chokhoma. Inayo mwana akuti, "Ababa ati kulibe." Munthu wina wamkulumkulu, ndevu zake, ndinamuona akulowa chokwawa m'khola la nkhumba. Ndalengeza maliro kwa agalu, kwa atsekwe, kwa zovala za pa chingwe.

Tonnis anabisala kuseri kwa chitsime, mkazi wake n'kumuulula. "Ali apo a Mans, muwauze bwinobwino, makutu ndi awo." Anatuluka akutukwana. Egbert sakanathawa, mwendo uja. Anangoti, "Nena msanga, chitsiru iwe, ndamva kale."

Gradus ndinamupeza pamwamba pa ngolo ya udzu. Ndinavula chipewa n'kuyamba mawu aja. Iye manja kumakutu: "Sindikumva, Mans! Mphepo!" Kunalibe mphepo yogwedeza ngakhale nthenga. Ndinamaliza mawu onse. Anakwapula hatchi.

Belu ndaliza ndekha. Analimva mpaka ku Jeremani.

Onyamula tilipo atatu. Bokosi limafuna asanu ndi mmodzi. Udzu wanga sindinaugwire.

Lachiwiri, 8 Julayi

Kunacha kwakuda. Ngolo zonse m'madambo, anthu kuthamanga ngati nyerere. Yathu yokha mumsewu, ndi Wolter pamwamba, a Dina pambuyo. Podutsa pa dambo la Gradus ena anavula zipewa ndi dzanja limodzi, linalo likutola udzu.

Pa chipata cha manda tinaima. Ine, Tonnis wa chifuwa, Egbert wa mwendo. Tinayang'anana. Abusa anavula mkanjo n'kuupachika pa mpanda. Egbert anati, "Abusa, sizichitika zimenezo." Iwo akuti, "Ndine wobwera, bambo, sindinazolowere."

Ndinanama Lachisanu. Munthu wouma mtima amalemera. Ndanyamulapo ng'ombe yathunthu kuchoka m'matope, koma iyi inali nkhani ina. Abusa ndi afupi, ndiye bokosi lonse linapendekera kwa iwo, Wolter n'kutsetsereka m'katimo, tonse tinamumva, gu! Tonnis akuti, "Ngakhale wafa akukankhabe anthu." Tinatula pansi, kupuma, kunyamulanso. Khosi la abusa lofiira ngati nyama. Sanadandaule.

Tsono dzenje.

Kuno manda amakumba motsatana, amene wafa ndiye wotsatira pa mzere. Ndimadziwa chibadwire. Koma chiikireni Fenna sindinapondeko, ndipo sindinaganize kuti chiyambire Febuluwale m'mudzi muno simunafe wina.

Dzenje la Wolter lili pambali pa Fenna. Kutalikirana kwake ngati mapilo awiri.

Ndamunyamula ndi phewa langa kudzamugoneka pamenepo. Malo amene mumtima ndinkati ndi anga.

Chingwe sindinachitaye. Tinamutsitsa bwino. Mvula inayamba tikukwirira.

Kunyumba ya maliro, taonani zodabwitsa. Mudzi wonse! Udzu walowa, mvula yawachotsa m'madambo, ndiye abwera kudzapepesa, atasamba, tsitsi lonyowa. Buledi wa mphesa zouma amene a Dina anaphika okha anatha ngati kwadutsa dzombe. Gradus anadya zigawo zingapo n'kunena kuti, "Malemuwa anali ndi zovuta zawo, koma ndani alibe?"

Wothira khofi pamaliro ndi neba woyandikana. Ndinaima ndi ketulo pamutu pa Gradus nthawi yaitali ndithu. Inali yowira bwino. Anakweza kapu osandiyang'ana.

Ndinamuthirira m'kapu. Onse ndinawathirira. Mwina ndi mmene amamvera Mulungu tsiku lililonse, ketulo m'manja, makapu ali m'mwamba, womuyang'ana palibe. Kaya. Ine mkono unangotopa.

Lachitatu, 9 Julayi

Mvula.

Udzu wanga wonse uli m'madzi, wayamba kuda. Wa Gradus uli m'denga, wouma, ukununkhira mpaka kuno. Ndinkayesa mwina kumwamba kuona. Ayi, yagwa mofanana paliponse, kungoti pansi panali wanga wokha.

Chisanu chikubwerachi ng'ombe zidzadya nthabwala.

Phewa latupa.

Lachisanu, 11 Julayi

Mvula yagwetsa mtumbira wa Wolter. Kukonza ndi ntchito ya neba, ndiye ndinapita ndi fosholo. Ndinaunda bwino, palibe mtumbira wowongoka chonchija m'dziko muno. Wa Fenna ndinazula udzu. Unamera wambiri. Ndinachita manyazi.

Ndinaima pakati pawo. Malo ake ongokwana mapazi.

Kumadzulo kunayamba kugunda. Fenna mabingu ankawaopa ngati mwana, mayi wamkulu wotha kugwetsa nkhumba yekha. Kukagunda ankandigwira malaya n'kumati ndiyankhule chilichonse, ngakhale bodza.

Ndinati ndimuuze Wolter mawu amene ndakhala ndikumusungira chaka chonse. Ndinawakonza bwino, ena mwa iwo abusa sangawakonde. Chimene chinatuluka n'china.

Ndinati Wolter, galu iwe, wapambana. Ndiwe woyandikana naye tsopano. Kukagunda uzimuyankhula. Ulibe nkhani, ndikudziwa, unali munthu wotopetsa kuyambira uli mwana, koma uziyesako. Ndipo chinansi ichi usadzachidulenso, wamva?

Kenako ndinakhala pansi m'matope ndi buluku labwino. Chinachake chinatuluka pakhosi, sindinachidziwe, ndinayesa ndi ng'ombe ya munthu yasochera kumanda. Ndinali ine.

Sindingathe kulem—