Mphini pa Mwendo wa Yamikani

Lachitatu, 12 Juni. Kwazizira tsiku lonse, koma ine mtima uli phuluphulu.

Aphunzitsi a mpira a kukoleji ina ya ku Lilongwe anabwera ku Mayani kudzasankha anyamata a Fomu 4. Mdzukulu wanga Yamikani ankangotsimphina, mpaka anamutulutsa m'bwalo. Nditamuvula sokosi ndawerenga mphini zisanu ndi zinayi, zonse zotupa. Dzana bambo ake, aGerevazio, anapita naye kwa sing'anga kuti akakhwimitse mwendo.

Nditawafunsa, mkamwini wangayo anayankhira kuseri kwa nkhokwe, akuseka uphunzitsi wanga: "Apongozi, mpira sauseweretsa choko ayi."

Aphunzitsiwo alola kumuonanso Loweruka la sabata yamawa ku Linthipe. Akadzalephera, malo apita kwa wina. Bambo akewo ndawanamiza kuti ndi ku Kaphuka. Akapalase njinga okha, akaonere mbatata.

Lamulungu mphakati ukumana kwawo, ndipo kolona atsogolera iwowo. Ndidikira amalize, kenako ndiitana mwanayo kuti apinde buluku anthu onse aone. Iye akuti, "Agogo, chonde musatero." Ndamuuza kuti angotambasula mwendowo ndiuthowe.