Amayi akudikira kuti ng'ala ikhwime

Amayi anga akuchita khungu ine ndikuona, ndipo dzana akanandiphera mwana.

Aphungu, pepani ndayamba osakupatsani moni. Ndili ndi zaka 22, ndimakhala ku Jenala ndi amayi anga, a Fainess, ndi mwana wanga Praise amene akukwawa. Bambo ake ali ku Joni. Ndikapita kukagulitsa nandolo ku Migowi, mwanayu amatsala ndi agogo akewo.

Dzanalo amaphika kalongonda. Pokataya madzi otentha a mumphika anayang'ana kutsogolo, n'kukhuthulira kumanja, pomwe panali Praise. Mwayi wake anangopsa kaphazi, kuchipatala ammanga. Amayi sakudya, akungoti, "Ndinayang'anatu ine, panalibe munthu." Ndipo sakunama. Za kutsogolo amaona, mpunga amasankha bwinobwino, koma za m'mbali ayi. Mbuzi imatha kuwadutsa pambali iwo osadziwa.

Chaka chatha achimwene anga a Howard anawatengera kwa dokotala wa maso. Dokotalayo anati ndi gulokoma, n'kuwapatsa mankhwala odontheza. Anadontheza miyezi iwiri n'kusiya, ati amangolasa, palibe chikusintha. Anzawo a kumvano, a Rozaria, anawauza kuti imeneyo ndi ng'ala, asaisokoneze ndi mankhwala, aisiye ikhwime. Ati iwo anadikira mpaka osaoneratu, atawachita opaleshoni lero akuwerenga buku la nyimbo. Ndiye amayi akudikira. Maso akamanyerenyetsa amati ndiwafinyiremo mkaka wa m'mawere, ndipo ndimatero. Mayi wako ungamukanire bwanji?

Diso lamanja latha, latsala lamanzere. Ndikanena amati ndine mwana wa dzulo. Amamvera a Howard okha, koma ali ku Limbe, ndikaimba amangoti, "Ndibwera mwezi ukatha." Tsamba lanuli a Howard amawerenga. Achimwene, chonde kwerani minibasi mubwere, musadikire mwezi.

L.M., Jenala, Phalombe

Amake Praise,

A Rozaria anena zoona za diso lawo, koma osati za diso la amayi anu. Ng'ala ili ngati chifunga chimene chatchinga kutsogolo kwa diso, dokotala akachichotsa munthu amaonanso. Gulokoma ndi ina. Kawirikawiri madzi a m'kati mwa diso amalephera kutuluka bwino, n'kumapanikiza mtsempha umene umatumiza zoona ku ubongo. Kuseri kwa diso kulinso timitsempha ta magazi tambirimbiri todyetsa disolo, ndipo munthu akamakula timeneti timapyapyala. Choncho diso la munthu wamkulu silichedwa kugonja. Kuona kumayamba kutha m'mbali, mwakachetechete, ndipo kumene kwatha sikubwereranso. Palibe chimene chikukhwima mmenemo.

N'chifukwa chake amayi sanaone kusintha. Mankhwala aja sabweza zotayika, amatchinjiriza zotsala. Kulasako akakunene kwa dokotala, mitundu ya mankhwala ilipo ingapo, koma asasiye okha.

Sabata ino apite kukayezedwanso kwa dokotala wa maso, atenge kabuku kawo ka kuchipatala ndi kabotolo kakale kaja. Akapatsidwa ena, muziwadontheza ndinu, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, ndipo muzikatenga ena asanathe. Mkaka wanu ndi wa Praise, m'diso ungalowetse matenda ena. Diso likafiira n'kumawawa kwambiri, mutu ukamawapweteka mpaka kusanza, musagone nawo pakhomo, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo.

Za mwana, musawalande mdzukulu, mtima wawo wasweka kale. Azimubereka kapena kukhala naye pamkeka, koma moto ndi madzi otentha zikhale za wina. Musakanganenso ndi a Rozaria. Apempheni akuperekezeni, akamve okha dokotala akusiyanitsa matenda awiriwa. Mawu amene anaimitsa mankhwala ndi omwenso angawayambitse.

Inu si mwana wa dzulo. Mwaona chimene akuluakulu sanaone.

A Howard, ndikudziwa mukuwerenga. Matendawa amayenda m'magazi, ndiye pokaperekeza amayi nanunso mukayezetse maso anu. Mwezi mukuudikirawo gulokoma sakuudikira. Amayi anu atsala ndi diso limodzi. Nyamukani, mubwere akadali okhoza kukuonani mukulowa pakhomo.