Iritiru Wagona Pansi pa Nyumba

Okondedwa achimwene a Nesimini,

Ndine Pamiu, mng'ono wanu, ndikulemba ndili kuno ku Babulo. Muli bwanji kwathuko? Msana uja unaleka kupweteka, kapena mukadawerama pa miyala ya manda mpaka dzuwa kulowa? Nanga mayi akudya bwino? Mulungu wathu Amoni akusungeni nonse. Ine thupi lilibe vuto, koma mtima sukhala pansi. Ndimayamba ntchito, n'kuisiya, n'kuyamba ina, n'kupezeka ndangoima pabwalo.

Ndinalonjeza kuti ine ndi mkazi wanga Iritiru tidzabwera ndi amalonda a nsalu mtsinje wa Nailo usanadzaze. Amalondawo ndi amene akupatseni kalatayi. Musavutike kundiyang'ana pakati pa abulu awo.

Ntchito ya mabwato ilipo, koma mitengo yabwino kulibe. Anthu a kuno amawolokera m'madengu opaka phula, ndipo akapitawo amandiseka kuti ndimasema bwato ngati ndidzaikidwamo. Mtsinje wawo nawo ndi wopanda ulemu, umadzaza pamene barele watsala pang'ono kucha.

Ndazungulira mokwanira. Achimwene, mlamu wanu Iritiru anamwalira. Papita miyezi iwiri. Anali malungo, masiku anayi okha. Tsiku lachitatu anali akunditukwanabe kuti ndathira anyezi wambiri m'mphodza, lachinayi anapita.

Ndinayenda mzinda wonse kufuna munthu wodziwa kuumitsa maliro. Kulibe. Ngakhale mwa anzathu a ku Ejipito amene timasema nawo mabwato simunapezeke mmodzi. Nkhalamba ina inangoti inaonapo amalume ake akuchita, kuti nkhani ndi mchere ndi masiku makumi asanu ndi awiri. Mchere wathu wa kuchipululu uja kuno supezeka. Ndinapita kumsika n'kugula mchere woumitsira nsomba, matumba asanu ndi limodzi. Ndinakhoma bokosi la matabwa, ndinamugoneka m'chipinda cham'kati, ndinamukwirira. Ndimadziwa kuti amayamba atumbula kumanzere n'kuchotsa zam'kati. Mpeni ndinaugwira. Dzanja limene laboola matabwa zaka makumi awiri linakana, ndipo ndinangothira mcherewo choncho.

Eni nyumba ino ndi mayi Kabitaya, amakhala kutsidya kwa bwalo lomweli. Ndi amene ankapera nawo barele Iritiru, uku akunena amuna awo. Tsiku lachitatu Iritiru atamwalira, anabwera kudzafunsa kuti tiika liti. Nditawauza kuti pakapita masiku makumi asanu ndi awiri, anakhala pansi pakhomo pomwepo.

“A Pamiu, mkazi wanu ndi nsomba?” anandifunsa. “Munthu wosaikidwa sagona, amayenda. Ayamba kulowa m'nyumba zathu kupempha madzi, ndiye mudzatiuza chiyani?”

Ndinawayankha moipa. Ndinati anthu a kuno amakwirira akufa awo pansi pa nyumba ngati mmene khoswe amabisira chakudya. Iwo sanakwiye, anangondiyang'ana kuyambira kumapazi.

“Ife akufa athu timagona nawo nyumba imodzi, bambo inu. Inu mumakawasiya kuchipululu n'kutseka ndi mwala. Ndiye wokonda abale ndi ndani pamenepa?”

Tsiku lachisanu amuna awo, a Balatu, anagwa ndi malungo omwewo. Anthu a mumsewu wathu analeka kundipatsa moni. Sing'anga wa kukachisi anabwera, anazunguliza ufa pakhomo panga, nati mzimu wa mlendo wakwiya. Ndinamuuza kuti mzimuwo ndimaudziwa ine, ukakwiya sudwalitsa munthu, umangosiya kuphika. Ndinakanitsitsa kumuika Iritiru. Ndimati nkhope yake isungike, kuti mzimu wake ukamabwera uzidziwa potera.

Amene anandigonjetsa si anthuwo ayi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinafukula mchere kumutu kuti ndione mmene zikuyendera. Achimwene, mchere wa nsomba suumitsa munthu amene sanatumbulidwe. Nkhope imene ndimafuna kuti mzimu wake uizindikire, ine amene ndagona pambali pake zaka khumi ndi zinayi sindinaizindikire. Amene ndinachita zimenezo ndine, ndi manja angawa. Ndikuchita manyazi, ndipo ndili ndi mantha.

Ndinawoloka bwalo n'kukaima pakhomo pa mayi Kabitaya. Ndimayembekezera kuti andinyogodola, koma sanatero. Anaitana amayi anzawo atatu, anamusambitsa Iritiru, anamukulunga ndi nsalu yawo yatsopano. Tinakumba m'chipinda chomwecho. Anamuika m'mitsuko iwiri ikuluikulu yoyang'anizana kukamwa, atapinda miyendo ngati khanda, osati chowongoka ngati mmene timachitira kwathu. Pokwirira anaimika kampope kadothi kochokera pamitsukopo mpaka pamwamba. A Balatu anadzuka patapita masiku awiri, ndipo msewu wonse ukuti umboni ndi umenewo.

Kampopeko ndi ka madzi. Mwezi ukatha kumwamba umathiramo madzi ozizira, umaika mkate pambali, n'kumutchula dzina. Mayi Kabitaya akuti dziko la akufa a kuno ndi la fumbi ndi mdima, ndipo amene alibe womuthirira amadya dothi n'kumwa zithaphwi. Ndinawauza kuti kwathu akufa amalima minda yobiriwira pamaso pa mulungu Osirisi. Iwo anati ndi zabwino, koma njira yopita kumeneko kuchokera pansi pa nyumba yawo sakuidziwa.

Inenso sindikuidziwa. Izi ndi zimene zikundizunguza. Kodi Iritiru ali kuti? Analibe womuchitira mwambo wotsegula pakamwa, analibe mawu olembedwa omutsogolera, thupi linawonongeka. Kaya milungu yathu imafika kuno kudzatenga anthu ake, kaya amene waikidwa mu dothi la Babulo ndi wa Babulo basi. Ndafunsa aliyense, mpaka anzanga akumandithawa nthawi ya chakudya.

Pempho langa ndi limodzi. Pakhoma la manda a bambo, kumanzere, pali malo amene munandisungira ine. Semanipo Iritiru. Mumuseme ataimirira, ali ndi maluwa m'manja ndi mkate patsogolo pake, ndipo dzina mulizamitse kwambiri kuti mchenga usalifute. Nkhope yake mukuikumbukira, ndi kachipsera kaja pachibwano. Mwina mzimu wake ukasowa thupi ukatera pamenepo. Za malo anga musadandaule.

Katundu wanga ndamanga katatu sabata ino, katatu ndamasula. Mayi Kabitaya anati ndipite kwathu, azithira madzi iwo. Kenaka anawerenga pa zala akufa awo khumi ndi mmodzi, anayang'ana mawondo awo otupa, nati: “Koma ndisakunamizeni, a Pamiu. Ndikafa ine, olowa m'nyumbayi adzathirira awo.” Amalonda anyamuka mawa. Ine ndikawaperekeza mpaka pachipata cha mzinda, n'kubwerera.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti ndili moyo ndipo ndikudya. Moni kwa alamu anga akazi anu, kwa azakhali, ndi kwa ana anu onse. Apongozi anga mukawaone nokha, musatume munthu. Mukawauze kuti mwana wawo anasambitsidwa ndi amayi omukonda ndipo wagona m'nyumba yake. Za mchere musawauze.

Mwezi watsala masiku atatu kuti uthe, ndiyenera kukatunga madzi kumtunda kwa mtsinje kumene ndi oyera. Inu semani dzina kumeneko, ine ndizithira madzi kuno. Kulikonse kumene ali, chimodzi chimupeze.

Tsalani bwino, achimwene.

Ndine mng'ono wanu,
Pamiu, mmisiri wa mabwato ku Babulo